Manyowa pa Mizere Yoyerekezera

Chimerere soya, mayi wina wamasiye sankakhazikika. Akatenga khasu, ankabwerera asanalime. Akakhala pakhonde, maso ankangothamangira kumsewu.

Munda wake ndi umene bungwe la alimi linasankha kuti liyeserepo mbewu. Alimi onse anasonkha pa zokolola zawo n'kulemba ntchito wofufuza, mtsikana wa nsapato zamphira amene anabwera ndi zikhomo ndi chingwe. Mbewu ya mbali yaikulu anaipaka ufa wakuda wothandiza mizu. Mizere ya kumapeto, ya m'mbali mwa msewu, anaidzala yosapaka.

"Iyi musaithandize ndi kalikonse, amayi," anatero wofufuzayo. "Kupalira kokha. Ikadya bwino sitidziwa ngati ufawu ukugwira ntchito, ndiye kuti chaka chino alimi asonkhera pachabe."

Mizereyo inachitadi chikasu, poonekera aliyense wodutsa. Popemphera m'mawa mayiyo ankasowa chonena. Kupempha kuti mbewuyo ichire kunali kulakwira anzake, koma kupempha kuti ivutike sakanatha. Ankangoti, "Ambuye, mukuiona," n'kudzuka.

Tsiku lina akuchapa anamva kulira kwa wilibala. Atasuzumira anaona mlamu wake, mkulu wa malemu mwamuna wake, ataima pa mizere yachikasuyo, fosholo ili m'manja. Bamboyu anali asanapondenso pakhomopo chiikire maliro, pakuti anasiyana ndi mayiyo atakangana za malire a munda womwewo. Lero anali atakankha manyowa a m'khola lake kuchokera kuseri kwa chitunda, malaya atanyowa ndi thukuta.

Mayiyo anathamanga thovu lili m'manja. Mzere umodzi unali utathiridwa kale mpaka pakati.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndikanaswera bwino pakanapanda izi," anayankha mlamuyo osamuyang'ana. "Anthu akundiseka pamsika. Akuti soya wa m'bale wako akuwezuka, iwe ng'ombe zili tho m'khola. Tasunthani ndimalize."

Mayiyo sanasunthe. Anadziwa kuti akakana manyowawo, mwina bamboyu sadzabweranso. Anaona kansanza komangidwa pachala cha mlamuyo, pomwe chogwirira cha wilibala chinamusupula.

"Zikomo kwambiri, alamu. Koma mizere iyi tikuimana dala."

"Dala? Alipo munthu wodzala mbewu kuti aziizunza?"

"Ndi yoyerekezera ndi inayo. Paja inunso munasonkha nawo."

"Ndinasonkha kuti atiphunzitse kukolola, osati kundichititsa manyazi pamsewu. Kamtsikana kaja kakuuzani kuti soya amasala kudya?"

"Akatsala osadya ndi pomwe tione kusiyana kwake."

"Mwayamba kuyankhula ngati wailesi, alamu."

Mayiyo anagwada mumzeremo, nayamba kutola manyowa ndi manja n'kumawaika m'nsalu yake, pang'onopang'ono kuti asagwedeze mbewu. Anamva mlamuyo akuponya fosholo mu wilibala, kenako akunyamula zogwirira. Gudumu linalira kamodzi, n'kusiya.

Anthu awiri apanjinga anadutsa, akucheukira kumundako.

"Mukatero muthyola mizu," anatero mlamuyo. Anagwada mbali inayo ya mzere, mawondo akulira. "Tolani chapamwamba, chonchi. Otsalawo palani ndi chikhatho."

Anatola limodzi mpaka pomwe manyowa anathera. Pena dothi linali litada kale, losatheka kulekanitsa.

"Apa mukamuuze mtsikanayo," anatero mlamuyo akuloza ndi chibwano. "Akhomepo chikhomo, adziwe kuti panalowa manyowa. Munene kuti ndi ine, asakukalipireni inu."

"Ndimuuza mawa."

"Nanga katunduyu? Chitunda chija sindikweranso naye."

"Kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka tomato, alamu, ngati simunatope."

"Ndatopa," anatero, nanyamula zogwirira. "Tsogolani. Mundisungireko madzi osamba m'manja."