Dzira Lokana Kutuluka

Ankaluka tsitsi m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato, ndipo anthu a mumsewumo ankangomutchula kuti Zala, chifukwa manja ake akagwira mutu wa munthu, mwini mutuyo ankayamba kuwodzera. M'kachipindamo munali galasi long'aluka pakona, mipando iwiri, ndi fani yomwe inkapukusa mutu tsiku lonse ngati ikukana mlandu. Ntchitoyo inali yoimirira chowerama, motero msana unayamba kumuvuta adakali mtsikana. Mapiritsi opha ululu ndi kuchotsa kutupa ankawasunga m'kachitini ka zipini za tsitsi. Ankameza m'mawa, ankameza masana, nthawi zina opanda ndi madzi omwe.

Anakwatiwa ndi wopenta nyumba, bambo wofatsa, wosatha utoto m'zikhadabo. Zaka zinadutsa pakhomo pali zii. Kusamba ankasamba bwinobwino mwezi ndi mwezi, koma pathupi ayi. Masana anthu akachepa, Zala ankakhala pampando wa makasitomala n'kumayang'ana m'galasi mpaka zikope kulemera. Nthawi zina ankaona kamwana kakukwawa pakati pa zinyenyeswa za tsitsi, kakufuna kuika chipeso m'kamwa. Akatambasula dzanja kuti akalande, ankadzidzimuka.

Amene anamudzutsa kumaloto amenewa ndi mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, mayi wapakamwa koma wamtima wabwino.

"Alamu, mitu ya ana a eni mwailuka yakwana. Tiyeni akakuunikeni kuchipatala. Vuto likapezeka ndi mchimwene wangayu, mwamuna wina ndikupezerani ndine."

Wopenta uja anaseka mwamanyazi, napita nawo. Atamuyeza anapezeka kuti ali bwino. Zala analowetsedwa m'chipinda cha makatani ochindikala, momwe dokotala wamkazi wa imvi anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kuyamba kuyendetsapo kachipangizo kounikira. Pakanema panabwera zinthu zotuwa, zoyenda pang'onopang'ono ngati mitambo. Zala anaziyang'ana mpaka anaiwala kuti mitamboyo ili m'thupi mwake.

"Mukuona kakuda kozunguliraka?" anafunsa adokotala. "Ndi kathumba ka madzi, ngati thuza. Dzira lanu lili m'menemo, latsala pang'ono kukhwima. Mubwerenso sabata yamawa."

Atabwerera, kathumbako kanali pompo, katangokulirako. Mwezi wotsatira zinalinso chimodzimodzi. Adokotala anavula magalasi awo n'kumuyang'ana.

"Pofika lero kamayenera kukhala kataphulika. Mayi, mumamwa mankhwala anji?"

"Palibe. A msana okha basi. Koma amenewo ndinawazolowera ngati tiyi."

Anatulutsa kapepala ka mapiritsi m'chikwama. Adokotala anakatembenuza, nagwedeza mutu.

"Mukabayidwa ndi singano pachala, pamatani?"

"Pamafiira, n'kutupa, n'kumatentha."

"Eya. Pamenepo ndiye kuti thupi latulutsa timadzi tina tonyamula uthenga, toitana asilikali a m'thupi kuti athamangire pabalapo. Ndiye mvetserani. Dzira likakhwima, thupi limatumiza uthenga womwewo, ngakhale palibe chakubayani. Magazi amachuluka pakathumba paja, asilikali amasonkhana, khungu la kathumba limafewa, limapyapyala, mpaka kubooka. Dzira limatulukira pakabala kameneko, kenako pamapola."

"Mwezi uliwonse bala?"

"Kabala kakang'ono, kofunikira. Mapiritsi anuwa ntchito yawo ndi kutsekereza uthenga wa kutupa, ndipo sasankha kuti uwu ndi wa msana, uwu ndi wa dzira. Si amayi onse amene zimawachitikira, komanso sindikulonjeza kuti vuto ndi lomweli lokha. Koma tiyeni tiwasiye kaye tione."

Anamulembera mankhwala a mtundu wina, ofooka, namutumiza kwa ophunzitsa mafizo olimbitsa msana. Zala anatuluka akuyenda ngati waponda pathonje. Panjira anadutsa wogulitsa maambulera, galu wogona pansi pa lole, ana a sukulu akukanganirana chingwe, zonse zikuoneka ngati zili kuseri kwa madzi.

Masabata oyamba anali owawa. Msana unkamuluma mpaka kumiyendo, dzanja n'kumapita lokha kukachitini ka zipini. Mwamuna wake anamukhomera mpando wautali woti aziluka atakhala, naupenta mtundu wobiriwira womwe unatsala kunyumba ina.

"Mwandipangira mpando wa mfumukazi kapena wa mwana wodyetsedwa phala?" anafunsa Zala.

"Khalanipo basi, akazanga. Utotowo wauma, ndalawa ndi chala."

Tsiku lina masana, kunja kukutentha, anali kuluka mphunzitsi wina wa tsitsi lambiri yemwe anali atagona kale, mutu utatsamira pabondo lake. Zala anamva kulasa kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja. Sikunali kupweteka kwa msana, sikunali kwa kusamba. Kunali kotentha, kosongoka, pamalo amodzi poti n'kuphimbapo ndi chala. Manja ake anaima.

Anatseka maso. Anaona kachipinda kofiira, kofunda, kopanda ngodya, ndi tinthu toyera tambirimbiri tikufika kuchokera mbali zonse, mwakachetechete ngati anthu obwera kudzazonda wodwala. Tinazungulira khoma lofewa n'kumalisisita, kumalimasula ulusi umodziumodzi, momwe iye amamasulira tsitsi lokhalitsa. Khomalo linayamba kuwala ngati nsalu yoyanika padzuwa. Kenako linatseguka, madzi anatuluka pang'onopang'ono, ndipo kanthu kakang'ono kanayandama n'kumapita.

"Mwatha?" anafunsa mphunzitsi uja ndi mawu atulo.

"Ayi, gonani. Ndimangopumitsa zala."

M'mawa mwake adokotala anafufuza pakati pa mitambo ija nthawi yaitali.

"Kathumba kaja kapita," anatero. "Kafota, kangotsala kamadzi pang'ono apa. Dzira latuluka."

Zala anafuna kuseka, koma misozi inatsikira m'makutu poti anali atagona chagada.

Mwezi umenewo anasamba ndithu, ndipo analira ali m'bafa. Wotsatira anasambanso. Koma kulasa kuja kunkabwera, mwina kumanja, mwina kumanzere, ndipo iye ankaika dzanja pamenepo n'kupitiriza ntchito.

Nyengo yamvula itayamba, mlamu wake anabwera kudzalukitsa. Zala atangotsegula botolo la mafuta a tsitsi, fungo lake linamutembenuza m'mimba, nathamangira panja atagwira pakamwa. Pobwerera anapeza mlamuyo ataimirira, tsitsi lili nyankhalala mbali imodzi, manja ali m'chiuno.

"Alamu! Chiyambire liti?"

"Musafuule, sindinawauze achimwene anu."

"Ndiye mukudikira chiyani? Tsekani pano, akupenta kuseri kwa msika."

"Nanga mutu wanuwo?"

"Ndimanga mpango. Tiyeni."

Anatenga ambulera imodzi, natuluka mumvula yowaza, mlamu akumugwira pamkono kuti asaterereke.