Chikwama cha Wogula Nandolo

Dyson wa kukhonsolo anakana mpando. Anaimika njinga yamoto pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuyamba kuzungulira nyumba ya mai Sellina. Chaka chimenecho nyumba zambiri za pa Migowi zinkagoneka alendo a masiku ochepa, ogula nandolo ndi okwera phiri, amene ankapeza malowo pa foni. Eni malo ogona alendo atadandaula, khonsolo inalamula kuti nyumba zotere ziziyenderedwa ndi kupatsidwa chiphaso.

"Chimbudzi chili bwino, bafa lilinso bwino," anatero Dyson. "Tsopano ndione chipinda cha alendocho."

Nickson, mwana wa mai Sellina amene ankalengeza nyumbayo pa foni, anayang'ana kumbali. Mayi ake anamasula kiyi pa nsonga ya chitenje.

M'chipindamo munali mozizira. Bedi linali loyala, neti yomanga. Pa mpando panali chikwama chakuda, ndipo pansi pake panali nsapato zokhala ndi matope ouma, zitaloza kukhomo.

"Muli mlendo?" anafunsa Dyson.

"Analimo," anayankha mai Sellina.

Nickson ndiye anafotokoza. Bamboyo anabwera nthawi yokolola nandolo. Pa foni anangolemba kuti ndi Frank. Anadya, anayamika ndiwo, anakagona, ndipo sanadzukenso. M'thumba munalibe chitupa. Nambala ya foni yake inali ya mayi wina wa ku Limbe amene anati foniyo inasowa kalekale. Apolisi analengeza, koma palibe anabwera. Pomaliza anaikidwa ndi akaidi, popanda nyimbo.

"Pepani," anatero Dyson, akukanda m'mutu. "Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma wanuyu ndiye dzuwa lamulephera. Amayi, chipinda cholembetsa sichikhala ndi katundu wa munthu wina. Chotsani izi, mupake laimu. Apo ayi, chiphaso palibe, ndipo alendo muleke."

Mai Sellina anayang'ana chikwamacho. Munda wawo unakwiririka ndi miyala chaka cha napolo, ndipo kuyambira pamenepo chipinda chimenechi ndicho chinkawadyetsa.

"Amayi, tingotentha basi," anatero Nickson. "Apolisi anasechamo n'kutibwezera. Muli malaya awiri ndi sikelo. Nyengo yatha tikukana alendo chifukwa cha chikwama!"

"Katundu wa maliro amagawa ndi eni mbumba. Ine ndine ndani wake?"

"Ndiye tiike kukhitchini."

"Kuti azibale ake akadzabwera ndidzawaonetse pa nkhuni? Adzafunsa pamene anagona. Adzafuna kukhala pansi pomwepo n'kulira."

"Adzabwera ndani, amayi? Miyezi yonseyi?"

"Iwe," anatero mai Sellina motsitsa mawu, "m'bokosi la bambo ako tinaikamo chiyani?"

Nickson anaweramitsa mutu. A Goliati, bambo ake, anatengedwa ndi madzi a napolo yemweyo ndipo sanapezeke. Kumanda anakaika thunthu la nthochi.

"Mwina kwinakwake kuli munthu anatola chipewa chawo," anapitiriza mayiwo. "Sindimudziwa. Koma ndimapemphera kuti sanatenthe."

Panja panadutsa minibasi, kondakitala akuitanira a ku Chitakale. Dyson anatsokomola.

"Ine lamulo sindinalembe ndine, amayi. Lamulo likudziwa chipinda, silidziwa maliro. Ndikanena kuti ndapeza zonse zili bwino, mawa ntchito yanga yatha."

"Lamulo lanulo lanena kuti chipinda cha alendo chikhale chiti?" anafunsa mai Sellina.

Dyson anaganiza pang'ono. "Ayi. Bola chikhale ndi zenera, loko, ndi neti."

"Bwerani kuno."

Anamutsogolera kuchipinda chawo chogona, chimene anagonamo ndi a Goliati kuyambira pamene nyumbayo inafoleredwa. Zenera linalipo. Loko analipo. Dyson analowa mwamanyazi, atagwira chipewa m'manja, n'kugogoda khoma ngati pali chimene akufufuza.

"Ichi chikhoza," anatero. "Koma inuyo muzigona kuti?"

"Amayi, ayi!" anatero Nickson. "Simungagone m'chipinda cha malemu muja. Inu nomwe mumati mukamasesa mumamva ngati wina wakhala pa bedi."

"Ndimamva, inde. Ndiye azikhala yekha mpaka liti? Kagule laimu."

Dyson ananyamuka dzuwa lili pamutu, atalonjeza kubwera ndi chiphaso laimu akauma. Nickson anatulutsa sutikesi ndi zithunzi za pakhoma m'chipinda cha mayi ake. Atafika nazo pa khomo la chipinda cha mlendo chija anaziika pansi n'kubwerera.

Mai Sellina anapinda bulangete lawo, natenga Baibulo ndi mphasa. Bedi la m'chipinda cha mlendo sanafune kuligwira. Anaima pa khomo la chipindacho, katundu ali m'khwapa.

"Odi," anatero.

Anadikira kanthawi, monga amachitira munthu pakhomo pa eni ake. Kenaka anavula masilipasi n'kulowa.