Zitenje kuzungulira pikapu ya mayi

ayi sisi dikirani kaye musandiimbire, ndikangotsegula pakamwa ndiyamba kuseka kenako kulira kkkkk ndingolemba basi

Mukukumbuka a malume ananena kuti chigamba ndikuwotcherera pa chasisi ya pikapu ya malemu mayi chija, akadzachimenya ndi hamala n'kugwa, galimoto ikupita kwa anyamata a sikirapu akaiduledule? Eya. Ndiye sabata yonseyi kamakina kowotcherera ka MIG anandibwerekera a malume kaja kakhala kakundichititsa manyazi. Ndikawotcherera, chotuluka timabowo tokhatokha ngati mkati mwa buledi. Ndinafika pokatukwana kamakinako sisi, ine mwana wa kwaya kkkk

Ndiye ndinalota.

Ndinatsegula chitseko cha kukhitchini n'kupezeka ndili pa msika wa Lizulu, dzuwa lili pamutu. Pikapu inali itagona chammbali pakati pa msewu, ikupuma. Mimba yake imakwera n'kutsika. Mabasi amangoilambalala mwaulemu.

Pikapuyo inati, "Mwana wa a Nachisale, mwafika. Chopanira chanu cha ethi, chobwezera magetsi ku makina chija, mwandilumitsa pa penti. Moto sudutsa pa penti."

Ndinapepesa. Ndinapala ndi galayindala mpaka chitsulo chinawala. Dzimbiri limagwa pansi n'kusanduka nyerere, nyererezo n'kumapita kwawo.

Botolo la gasi linali litavala duku. Linatsokomola kaye, kenako linati, "Ine ntchito yanga ndi kufunditsa moto wanu ndi mpweya, kuti chitsulo chisachite mabowo. Koma mumandiimika pamtetete. Ndikangopuma, mphepo yatenga."

Ndipo mphepoyo inalipodi sisi, yozizira ya ku Dedza ija, itakhala pa bampala, itapinda miyendo, ikutafuna mpweyawo ngati nzimbe.

Kenako kumbuyo kwa pikapu kunayamba kutsika azimayi. Onse aja mayi ankawanyamula ndi madengu awo a tomato, amoyo ndi omwalira omwe, palibe amadabwa mnzake. Anamasula zitenje zapamwamba n'kuima mozungulira galimoto atazitambasula, mmene anachitira azimayi tsiku lija mayi wina anachirira pa depoti, mukukumbuka? Mphepo inaimirira, inasasa fumbi, inakwera basi ya ku Balaka.

Ndinatsitsa chigoba chowotcherera kumaso. Mukuchidziwa, chakale chija cha galasi lakuda bii, sumaona kanthu mpaka moto uyake. Mdima. Ndiye mawu kumanja kwanga:

"Lonjezo, batire mwachotsa?"

Sisi. Mawu a mayi. Komanso akunditi INU!! ine amene ankanditi iwe kamutu kouma kkkkk

"Ndachotsa, mayi."

"Yambani."

Ndinadina batani la chowotcherera. Moto unayaka ndipo ndinawaona. Anali atanjuta pambali panga, juzi yobiriwira ija, makiyi ali pakhosi pa chingwe cha nsapato. Nditasiya kudina, mdima. Ndinakweza chigoba msanga, panalibe munthu, zitenje zokhazokha. Ndinatsitsa, kudinanso, ali pompo.

Ndiye mukudziwa kale zomwe ndinachita. Ndinadina osasiya. Waya wowotcherera akungotuluka m'makina, ine maso pa mayi, chitsulo chinafiira mpaka kuyamba kudontha. Pikapu inabuula.

"Mukuiboola," anatero mayi. "Chitsulo ichi n'chokalamba, sichipirira moto wautali. Dontho limodzi, mupume. Dontho lina chapatali, mupume."

"Ndikapuma simuoneka."

"Ndi momwemo. Pumani."

Ndinapuma. Dontho, mayi. Mdima. Dontho, mayi akukanda bondo. Mdima. Dontho, akuyang'ana chigamba osati ine, ndi nkhope ija ankasankhira tomato. Phokoso la makina linasintha, linasiya kutsokomola, limangoti tsssss ngati tchipisi pa chiwaya. Azimayi kuseri kwa zitenje anayamba kuuzana pansipansi kuti chikubwera, chikubwera.

Panatsala kampata kamodzi, kochepa ngati chikhadabo. Ndinachotsa chala. Ndinangokhala mumdimamo osadina, ndikuwamva akupuma pambalipa, fungo la sopo ndi dizilo.

"Malizani, Lonjezo. Anzangawa manja atopa."

Ndinati zikomo. Sindikudziwa ngati zinamveka kunja kwa chigoba. Ndinadina, ndipo anali akuseka sisi, ndi kampata ka m'mano kaja, kenako mzimayi wina anaimba nthungululu, kudzidzimuka anali tambala wa a neba kkkkkkk ndadzuka ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru, pilo yonse yonyowa

Kusamba sindinasambe. Ndinakoka malata akale aja tinachotsa pa bafa n'kuwaimika kuzungulira galimoto, paja zitenje zenizeni zingapse. Batire kuchotsa, pa ethi kupala mpaka kuwala, chigamba cha mabowo chija kudula, kuyambiranso. Dontho, kupuma. Dontho, kupuma. Mayi sanaoneke, ndinayang'ana ndithu sindinama. Koma tchipisi sisi!!! tsssss!! bowo ngakhale limodzi ayi

A malume anabwera ndi hamala yawo ija. Kumenya. Kumenyanso. Kumenya ngati chawalakwira, chitsulo kumangolira ngati belu la kusukulu. Anatembenukira kumalata n'kupukuta m'maso, ati utsi. Utsi wake uti poti makina ndinali nditazimitsa kalekale kkkk. Kenako anati, "Mbali inayi nayonso yadyeka. Mawa uyambe." Anyamata a sikirapu a malume awaimbira foni ine ndikumva, kuti asavutike kubwera.

Galimoto ya mayi ikhala sisi. Ndikungothokoza aliyense, botolo la gasi ndalisisita pamutu, tambala ndamuponyera chimanga, moti a neba akundiyang'ana modabwa.

Mnzanga Ndaziona uja ndinamulembera zonsezi ndisanakulembereni inu, taonani zomwe wandiyankha:

"Iwe Lonje wandiliritsa mu minibasi anthu akundiyang'ana. Mawa ndikubwera ndidzakugwirire malata. Koma mbali inayo usathamange wamva, uzipanga timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri, mwina mayi abweranso."