Kapaketi Pansi pa Mpando wa Galimoto

Ndinagona naye kamodzi kokha, Loweruka masana, m'chipinda chake cha lendi. Anali wokonza magetsi, ndipo chibwenzi chathu chinali chitatha miyezi isanu. Kwa ine kanali koyamba. Kondomu analibe. "Kamodzi sikakhala kanthu," anatero.

Lolemba ku telala komwe ndimagwira ntchito ndinasoka mkono wa diresi mozondoka kawiri konse. Mnzanga wa pa makina oyandikana nane anandipanikiza mpaka ndinaulula.

"Lero ndi tsiku lachiwiri," anatero akuwerenga ndi zala. "Tikaweruka uthamangire ku famase, ukati ukufuna mapiritsi a pangozi. Ukamachedwa mphamvu yake imachepa."

Mayi wa ku famase sanandifunse zambiri. "Umwe msanga. Ukasanza pasanathe maola awiri ubwerenso. Msambo ukachedwa kupitirira sabata ukayezetse."

Nditangotuluka ndinamva hutala. Anali achimwene m'galimoto yawo, omwe ndakhala nawo chimwalirireni bambo. Ndi munthu wosakalipa: akapsa mtima amangotsitsa mawu, ndipo nyumba yonse imazizira. Ndinakwera kutsogolo, kapaketi ndili nako m'manja. Atatsika kukathira mpweya m'tayala ndinameza piritsi lija ndi malovu. Chitseko chitatseguka ndinadzidzimuka, kapaketi n'kugwera pansi pa mpando. Kunyumba anakhoma galimoto, makiyi m'thumba.

Lachinayi alamu anga anakapeza kapaketi kaja akusesa m'galimotomo. Anakaika pa tebulo, pambali pa mbale ya achimwene.

"Bambo a mwana, ichi n'chiyani?"

Achimwene anakatembenuza, n'kuwerenga. "Sindikudziwa."

"Simukudziwa? Ndiye galimoto yayamba kumwa yokha mapiritsi?"

Palibe anaseka. Ine ndinadya mpaka kumaliza.

Masiku khumi anadutsa anthu awiriwa osalankhulana. Alamu anasamukira kuchipinda cha mwana. Achimwene ankachoka osamwa tiyi, pobwera n'kumandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kufunsa kanthu. Wamagetsi uja ndikamuimbira ankati ali pamwamba pa makwerero, ayimbanso. Tsiku langa la msambo linafika n'kudutsa. Ndinkalowa kubafa kasanu pa tsiku kukayang'ana, osaona kanthu. Mabere ankandiwawa, ndipo sindinkadziwa ngati ndi piritsi lija kapena china.

Lamlungu m'mawa ndinapeza alamu akupinda zovala za mwana n'kumaika m'sutukesi.

"Ndikupita kwathu," anatero. "Zaka zisanu ndi chimodzi tili pa banja, kenako n'kumanditengera mahule pa mpando wanga."

Ndinakhala pa bedi.

"Alamu, kapaketi kaja ndi kanga."

Anasiya kupinda. Anandiyang'ana kuyambira kumaso mpaka pamimba.

"Iwe? Masiku onsewa umangotiwonerera tikuphana?"

"Ndimaopa."

"Wasamba?"

"Ayi. Padutsa masiku asanu."

Anapuma mozama, n'kukhala pafupi nane. "Mankhwala amenewa amasokoneza masiku nthawi zina. Mawa tipitira limodzi kuchipatala, ukayezetse zonse, ndi magazi omwe. Koma achimwene ako asamve lero. Ndiwauza ndekha, pang'onopang'ono."

Pamenepo ndi pomwe tinaona kuti chitseko sichinatsekeke bwino. Achimwene anali ataima pakhonde la m'nyumba, thaulo lili paphewa, sopo wometera ndevu akadali pa tsaya limodzi.

"Ndani?" anafunsa motsitsa kwambiri.

"Bambo a mwana, takhalani pansi kaye."

"Sindikufunsa iwe. Mlongo wanga, ndani?"

Anagwedeza mutu pang'ono, n'kupukuta tsaya lija mosafulumira.

"Ndi uja anabwera kudzakonza soketi ya kukhitchini. Ndinam'patsa madzi akumwa ndi manja angawa."

Analowa kuchipinda kwawo. Tinawamva akutsegula kabati ya zipangizo, akusankhasankha zitsulo. Alamu anathamanga kukaima pakhomo lakutsogolo, koma achimwene anatulukira lakukhitchini. Ndinaimbira wamagetsi uja katatu kuti ndimuchenjeze. Foni inangoitana.