Zenera la Kum'mawa

"Mwaponda pabalaza ndi nsapato zamatope," anatero amuna anga.

Ndinayang'ana pansi. Panali udzu wokhawokha, wonyowa ndi mame, ndi ndowe zouma za mbuzi.

"Pabalaza pake pati?"

"Pamene mwaimapo. Khomo lili uko, a Telala. Inu mwalowera pakhoma ngati mzukwa."

Ndinabwerera, n'kuzungulira chitsamba, n'kulowera pomwe ankalozapo. Kutsutsana nawo kukanatenga nthawi yaitali kuposa kuzungulirako.

Ndikukufotokozera iwe, mwanawe, amene ndinakusiyira makina anga osokera ndi shopu yomwe, choncho umve bwino. Tsiku limenelo linali Lamulungu. Tinakwera basi yoyamba kuchoka mumzinda, ulendo wa ola limodzi ndi theka, kukaona puloti m'katawuni kena kakang'ono: msewu wa tala umodzi, positi ofesi, sukulu ndi sitolo ziwiri zoyang'anizana. Puloti yake inali kumapeto kwa nyumba, pomwe nthaka imayamba kutsetsereka. Ankagulitsa ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito.

Amuna anga anali kalipentala. Zaka makumi atatu anapanga zitseko ndi mazenera a nyumba za eni ake, ife tikukhala m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Loweruka masana, anzawo akaweruka, iwo ankatsalira n'kumapanga mazenera a nyumba yathu. Nyumbayo kunalibe, ngakhale malo omangapo. Anapanga asanu ndi limodzi. Asanu ankagona pansi pa bedi. Lachisanu ndi chimodzi linali lalikulu ngati bedi lenilenilo, ndipo linkaima kuseri kwa wadirobu. Ana athu anakula akuyanikapo masokosi. Iwo ankalitcha zenera la kum'mawa.

Chomwe chinatidzidzimutsa kuti tiyambe kufuna malo ndi maso awo. Dokotala anati mitsempha ya m'maso ikufa pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, ndipo mankhwala angochedwetsa chabe. Anati kwatsala zaka ziwiri, mwina zitatu. Panja powala ankaona ndithu, koma m'nyumba ankafunafuna pensulo ili pakhutu pawo pomwe. Zimene tinasunga zinali zokwana puloti imodzi yokha, ndipo iwo ankafuna chinthu chimodzi: kuona dzuwa likulowa pa zenera lawo lija maso asanatsekeke.

Tsono m'mawa umenewo anaima pa udzu, natambasula manja ngati agwira felemu.

"Bwerani, mudzaime apa. Musadutse pagalasi."

Ndinaima pambali pawo. Chigwa chonse chinali chodzaza nkhungu, mbee, ngati wina wayala nsalu yoyera osaidula. Kenako dzuwa linatuluka, nsaluyo n'kuyamba kung'ambika yokha. Panatulukira nsonga ya phiri, ikuyandama yopanda tsinde. Panatulukira mitengo itatu, denga limodzi lonyezimira, ndi akakowa akuuluka motsika. M'kanjira ka kumunsi munkayenda mayi wina, miyendo yake ili m'nkhungu, mwakuti ankaoneka ngati akuwoloka mtsinje.

"Kodi si ambulera yofiira wanyamulayo?" anafunsa amuna anga.

Inalidi yofiira. Munthu wosaona pensulo yake anaona ambulera kutali choncho.

Ndisaname, nanenso ndinaona zina. Ndinaona katani yachikasu, yosoka ndekha, ikugwedezeka pa zenera lomwe kunalibe. Ndinamva fungo la vanishi. Ndinaona mpando wawo, ndi kapu ya tiyi ili pansi pambali pake. Koma ine sindikhalitsa m'zoterozo. Ndinadzigwedeza, n'kufunsa mphunzitsi uja za madzi.

"Mjigo uli kuseri kwa sukulu, mayi."

"Chipatala cha maso?"

"Chimenecho ndiye ndi kumzinda komwe mwachokerako."

"Nanga kuno amasoketsa zovala ndani? Mbuzi?"

Mphunzitsiyo anaseka. Amuna anga anatsitsa manja pang'onopang'ono, ngati akuika felemu pansi kuti isasweke.

Puloti ya mumzinda ndinaipeza ndine. Inali pafupi ndi shopu, mphindi khumi wapansi, ndipo chipatala cha maso chinkaonekera pa mphambano. Paipi ya madzi inali kale pa msewu. Anandionetsa ndi bambo wina wogulitsa malo, wa nsapato zosongoka ngati sizasi.

Iwe ukudziwa mmene ntchito yathu imayendera. M'mawa anthu amabwera kudzayesa asanapite kuntchito, madzulo amabwera kudzatenga. Telala amapuma 12 koloko mpaka 1 koloko, basi. Zaka zanga zonse sindinatsekepo shopu nthawi ina. Choncho puloti ija ndinakaiona katatu, ndipo katatu konseko inali 12 koloko. Ndinaiyeza ndekha ndi tepi yanga yoyezera anthu, mita ndi theka, mita ndi theka, nditawerama, wa nsapato uja akundiseka. Kudzanja limodzi kunali nyumba ya nsanjika zinayi, kwinako kunali khoma lalitali la nyumba yosungiramo katundu. Koma dzuwa linali paliwombo, dothi lili mbee, likuotcha kuphazi. Ndinachita kuphimba maso ndi dzanja. Ndinati mumtima: kuwala kumene akufuna amuna anga ndi kumeneku, kochita kutayika.

Ulendo wachitatu ndinapita nawo. Sanatambasule manja. Anaima pakati, chipewa chili m'manja, akutembenuka pang'onopang'ono.

"Kodi dzuwa limatulukira kuti kuno?"

"Kumwamba, bwana, ngati kwina kulikonse," anatero wa nsapato uja, naseka yekha.

"A Telala, bwanji tidzabwere m'mawa?"

"M'mawa ndili ndi madiresi asanu ndi awiri a operekeza mkwatibwi. Dzuwa ndi ili likutiotchali, a Mmisiri. Mukufuna lina lachiwiri? Ndipo winanso akufuna malo omwewa."

Anavala chipewa chawo. "Chabwino. Maso abwino ndi anu."

Tinasaina sabata yomweyo.

Tsiku lokhoma zikhomo za maziko, womanga nyumba anati tikumane 7 koloko. Linali tsiku la tchuthi, ndiye ndinapita nawo. Titangokhota kuchoka pa msewu, ndinamva kuzizira m'mikono. Pamsewu dzuwa linali litawala kale, koma pa puloti yathu panali bii, ngati pansi pa mlatho. Nyumba ya nsanjika ija inali kum'mawa kwenikweni. Pansi pa khoma lake panali ndere zobiriwira. Ndinali nditaziona kale ndere zimenezo, katatu konse, n'kumati ndi paipi yodontha.

Tinadikira. Womanga anakoka zingwe zake, anakhoma zikhomo, anamwa tiyi. Dzuwa linatsika pa khoma la kumadzulo pang'onopang'ono, n'kufika pansi itadutsa 11 koloko. Isanakwane 2 koloko linali litakwera khoma linalo n'kupita.

"Nyumba yozizira bwino iyi, mayi," anatero womanga. "Mkaka sungasase."

Amuna anga anali atakhala pa mulu wa njerwa. Ndinkayembekeza kuti andinene. Akanandinena zikanakhala bwino.

"Dzuwa la kuno ndi bwana," anatero. "Limafika mochedwa, n'kuweruka msanga."

Womanga anaseka mpaka kukhosomola. Ine sindinaseke. Lamulungu lotsatira ndinakwera basi ndekha kupita kukatawuni kaja. Mphunzitsi anati puloti ija anagula namwino wina wa pachipatala chaching'ono cha komweko, patangopita masiku ochepa ife titachoka. Ndinabwerako osauza munthu.

Tinamanga. Njerwa zinali zitafika kale, ndipo mwini nyumba ya lendi anali atapeza wina wolowamo. Mazenera asanu analowa m'makoma. Lalikulu lija womanga atalinyamula kupita nalo ku khoma la kum'mawa, amuna anga anatambasula dzanja pamalo pomwe likanakhala, n'kukhudza khoma la eni ake ndi nsonga za zala.

"Libwezeni," anatero. Linakaimanso kuseri kwa wadirobu.

Za madzi ndinalondola. Za chipatala ndinalondolanso: tinkapita wapansi, nditawagwira pachigongono, n'kukalandira mankhwala odonthezera m'maso. Shopu inkayenda. Koma m'nyumba mwathu magetsi ankayaka usana wonse. Ndikabwera 12 koloko ndinkawapeza panja, pa kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda, atakhala m'kachidutswa ka dzuwa kopapatiza ngati lamba. Kakasuntha, ankasuntha mpando. Kakakwera khoma, ankakatsatira ndi nkhope mpaka katapita, kenako n'kulowa m'nyumba akupapasa. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandiwawa.

Zinatha zaka ziwiri choncho. M'mawa wina ndikumanga mpango kuti ndizipita, anandifunsa ali pabedi:

"A Telala, ambulera ija inali yofiira, eti? Ikundisokonekera."

Ndinaima ndi makiyi a shopu m'manja. Kenako ndinawaika pa tebulo. Aka kanali koyamba kusatsegula shopu m'mawa, ndipo panali mayi wina woyembekezera siketi yake, amene mpaka lero sandipatsa moni. Ndinapeza galimoto yonyamula katundu. Zenera lija tinalikulunga m'bulangete ndi zidutswa za nsalu, amuna anga atakhala kumbuyo akuligwirira njira yonse ngati wodwala.

Namwino uja tinamupeza akuchapa, mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu womaliza. Anali atamanga kanyumba kabwino ndithu, koma ku khoma la kum'mawa anaika kazenera kakang'ono ngati ka kubafa.

"Mwanawe," ndinatero, "ndabwera ndi zenera. Sindikugulitsa. Khoma ili liboole."

Anandiyang'ana, anayang'ana bulangete, anayang'ana amuna anga.

"Amayi, mwasochera kapena?"

"Ndinasochera kale, zaka ziwiri zapitazo. Lero ndafika. Zenerali ndi lako. Womanga ndimutuma ndine. Iwe ungowalola bambo awa kuti Lamulungu m'mawa azikhala pamenepo."

Anawayandikira, n'kuwayang'ana m'maso mmene amachitira anthu a ntchito yake. Kenako anapukuta manja pa chovala chake.

"Agogo, munalipanga nokha?"

"Popanda msomali ndi umodzi womwe. Papasani pangodya apa, mayi, muone."

Anapapasa. Anati abwere womangayo.

Ntchitoyo inatenga masiku anayi. Mahinjesi anamanga okha amuna anga, ndi zala zokha, akukalipira womanga kuti felemu yapendekeka. Womanga atabweretsa choyezera anapeza kuti yapendekekadi. Ine ndinasoka katani yachikasu.

Lamulungu tinakwera basi yoyamba. Namwino anali ataika mpando kale, ndi tiyi pansi pambali pake. Ndinakoka katani ija, n'kutsegula mbali zonse ziwiri. Nkhungu inali m'chigwa monga tsiku lija. Dzuwa linatuluka, linalowa m'nyumba yonse mpaka ku khoma la kumbuyo, n'kuwagwera pa nkhope, pa manja, pa maondo. Utuchi womwe unatsalira pa felemu unkayandama m'kuwalako osagwa pansi.

"Mukuona chiyani?" ndinafunsa.

Anasendeza nkhope kufupi ndi zenera.

"Phiri kulibe," anatero. "Mitengonso kulibe. Koma pakati pali powala, pang'ono ngati pakamwa pa botolo. Mukudutsa zinthu zoyera."

"Akakowa amenewo."

"Ndiuzeni zinazo."

Ine munthu wodana ndi zolongolola ndinayamba kufotokoza. Ndinawauza za nsonga ya phiri ikuyandama, za denga lonyezimira, za nkhungu ikung'ambika ngati msoko wakale. Ankagwedeza mutu. Kenako anandigwira dzanja.

"Uyo! Wa ambulera uja. Akudutsa."

Ndinayang'ana m'kanjira kaja. Munalibe munthu, udzu wokha ukuweyuka.

"Eya," ndinatero. "Ndi yemwe uja. Yofiira."

Tinapita Malamulungu ambiri. Pofika nyengo yozizira, powala paja panatsekeka, koma ankapitabe, ati nkhope imaona yokha. Namwino akakhala kuntchito ankatisiyira kiyi pansi pa mwala. Chaka chotsatira amuna anga anatisiya. Zenera lidakali pomwepo, ndipo ndamva kuti ana a namwino amayanikapo masokosi.

Tsono iwe dzulo unayala mapepala awiri pa tebulo lodulira nsalu, lina la puloti ya mumzinda muno, lina la puloti ya kutawuni yaing'ono, n'kumandifunsa kuti yabwino ndi iti. Nditakufunsa kuti unakaona nthawi yanji, unati pa nthawi yopuma, ndipo ya kutali ija unangoiona pa foni. Sindikuuza yoti ugule. Madzi ndi ofunika, chipatala n'chofunika, ndipo makasitomala samera m'tchire. Koma tseka shopuyo tsiku lathunthu, masiketi sathawa. Pita m'mamawa, ukakhale pansi pamalopo mpaka dzuwa litapendeka, tsiku lina ukachitenso chimodzimodzi kwinako. Utenge amuna ako, ndipo akakuuza kuti khomo lili uko, usafunse kaye za paipi, ukalowere pakhomopo n'kuima pomwe aimapo. Chonde, mwanawe, ukachite bwino kuposa ine.