Madzi a Mainess

Msana utayamba kumupweteka, Mainess ankati ndi madengu a tomato omwe ankasenza ku msika wa Kanyama. Kuchipatala chachikulu anapeza zina. Mafupa ake ankatulutsa mapuloteni ochuluka m'magazi, ndipo mapuloteniwo amatha kutseka impso ngati zinyalala mu ngalande.

Dokotala anati Lachisanu amujambula mkati ndi makina, atamubaya mankhwala oti chithunzi chioneke bwino.

"Mankhwalawa sitiwaopa ngati kale," anatero dokotalayo. "Koma akapeza thupi louma, impso zanu zingaleke kugwira ntchito. Imwani madzi ambiri. Tiyamba tayeza magazi."

Nkhani itafika kutchalitchi, a Obed, mkulu wa mpingo yemwenso anali mchimwene wa mwamuna wa Mainess, analengeza kusala kouma mpaka Lachisanu. Chakudya ayi, madzi ayi. Wodwalayo ndiye atsogolere.

Lachinayi anthu a mpingo anadzaza m'nyumba mwa Mainess, milomo itachita mbuu. Anaimba, anapemphera, malata akutentha pamwamba. Mwamuna wake, Benedict, anakhala pakhomo, maso pansi. Mainess anali atasala kuyambira dzulo lake. Mmawa uja mkodzo unatuluka wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo chithunzi chimenecho sichinamuchoke m'mutu.

Pakati pa pemphero anadzuka, nagwira khoma, natunga madzi m'ndowa. Anamwa ataimirira, kukhosi kukumveka.

Nyimbo inaduka.

"Mulamu!" anakuwa a Obed. "Mwaononga vonse! Ise tifa na njala chifukwa cha imwe!"

"Salani imwe, ba Obed. Impso zanu zilibe mulandu."

"Ni chikhulupiriro chochepa ichi."

"Nanga zanga zikafa, muzanipatsako imozi?"

Mayi wina anaseka, kenako anabisa nkhope m'chitenje. A Obed anatembenukira mng'ono wawo.

"Benedict, kamba na mukazi wako."

Mainess anatunganso. Kapu inakhula pansi pa ndowa, madzi anali atatha. Anamuyang'ana mwamuna wake.

Benedict anaimirira. Chibadwire sanamuyankhepo mkulu wakeyo, ndipo tsiku limeneli sanamuyankhenso. Anangonyamula zigubu ziwiri, nadutsa pakati pa anthu opempherawo, ulendo wa ku mpope.

A Obed anatuluka ndi theka la gulu. Otsalawo anayambanso nyimbo, motsitsa, Mainess akumwa.

Lachisanu m'minibasi yopita kuchipatala Mainess anavutitsa kondakitala kuti aime, akataye madzi.

"Amai, mwamwa mtsinje wonse wa Kafue?"

"Nikali kuyamba," anatero Mainess.

Magazi atayezedwa, dokotala anakwinya nkhope pang'ono. Anati impso zatopa, ayambe amuika diripi, kujambula kudikire masana. Masanawo anamubaya, thupi lonse linamva kutentha, makina anazungulira.

Sabata yotsatira anayezanso. Impso zinali zikugwira ntchito.

Lamlungu Mainess anakhala pa benchi ya kutsogolo, moyang'anizana ndi a Obed, botolo la madzi lili pamiyendo.