Ndevu za a Heamasi

Ku tchalitchi chathu cha anthu a ku Tonga, ku Logan kuno ku Australia, aliyense ankamutchula Dokotala, ndipo Kelepi analibe womudandaulira chifukwa motowo anauyatsa yekha. Tsiku lina akumwa kava, chakumwa cha kwathu, pakamwa patapepuka, anauza azibambo anzake kuti wayamba sukulu ya zachipatala. Sananame kwenikweni. Anangoiwala kunena kuti sukuluyo ndi yamasana, Lachiwiri ndi Lachinayi, ndiponso kuti chimene amaphunzira ndi kusambitsa nkhalamba, kuzidyetsa ndi kuzitembenuza pabedi. Kuyambira pamenepo amayi a kwaya ankamutsekereza pakhomo la tchalitchi n'kumamuonetsa mawondo otupa, iye n'kumagwedeza mutu ngati munthu wodziwa zakuya, kenaka n'kuwauza kuti achepetse mchere.

Udokotala wakewo unkayamba ikakwana wani koloko. Kuchokera m'mamawa ankayendetsa kagalimoto konyamula mabokosi a nthochi ndi mapeyala m'nyumba yozizira ya kampani ina ya zipatso. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo msana unali utayamba kumulankhula. Satifiketiyo ankaifuna kuti atuluke mozizira muja asanapindikiretu. Mabuku ankawerengera m'galimoto, podikira mkazi wake Losaline kuti aweruke kuntchito, ndipo nthawi zambiri Losaline ankamupeza ali mkonono, buku lili kumaso.

Tsopano panatsala mayeso amodzi basi. Ankayenera kutumiza vidiyo yomuonetsa akumeta ndevu ndi kupesa tsitsi la munthu wachikulire weniweni, osati chidole cha m'kalasi chija. Anzake anatumiza kalekale. Iye anapempha masiku owonjezera kawiri, koyamba chifukwa cha maliro a mlamu wa msuweni wake, kachiwiri chifukwa cha ukwati umene anamuika kukhala woyang'anira nkhumba. Mphunzitsi wawo, Mayi Pritchard, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumufunsa ngati ku Tonga kuli munthu amene si m'bale wake. Kelepi anaganiza moona mtima, osam'peza. Ndiye mayiyo anamuuza kuti malire ndi Lachisanu la sabata yachitatu, faifi koloko, ndipo akaphonya abwereza chaka chonse.

Sabata yomweyo bambo ake, a Heamasi, anatsika ndege kuchokera ku Vava'u, kwathu ku Tonga.

Amati mlendo ndi mame, koma wonena mwambiwo sanalandirepo bambo wa ku Tonga. Mlendo wotere sabwera kudzaona inu nokha. Amabwera kudzaona aliyense amene anabatizidwa naye, amene anaimba naye kwaya, ndi ana awo omwe. Kelepi akaweruka ankavula jekete la kuntchito, kumanga mkeka wake waulemu m'chiuno monga mwa mwambo wathu, n'kunyamula bambo ake ulendo wa ku Inala, mawa lake ku Ipswich, mkuja kwa munthu amene ngakhale a Heamasi ankachita kufunsa dzina lake ali pakhomo. Kulikonse pemphero, misozi, chilazi, nkhumba, ndi zotsala zokulunga zobwerera nazo. Buku linkayenda nawo ulendo uliwonse, koma linkatsala pampando wakumbuyo, pansi pa mbale za zakudya, mpaka linayamba kununkha nyama.

A Heamasi anabwera ndi chinthu chimene palibe anawaonapo nacho: ndevu. Munthu amene anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu chibwano chili see, lero anali ndi chiputu choyera chofika pakhosi. Aliyense wofunsa ankamuyankha kuti atumwi onse anali ndi ndevu, ndipo anthu ankaseka. Kelepi naye ankaseka. Kumudzi anali atamuuza pafoni kuti bambo anagwa pang'ono kumunda miyezi iwiri yapitayo, koma iye nkhaniyo anaimva ndi khutu limodzi, lina lili kwa bwana wake amene ankamukuwira kuti asunthe mabokosi.

Amene anatchula za mayesowo anali Losaline, akutsuka mbale Lachiwiri la sabata yomaliza. Anati iye sakumvetsa kuti munthu angazunzike bwanji kufuna ndevu pamene ndevu zikugona m'chipinda cha alendo. Kelepi anatsala pang'ono kugwetsa kapu. Mwana agwire mutu wa bambo ake? Ife sitidya ngakhale chotsala m'mbale ya bambo, sitimwera kapu yawo, ndiye mutu? Chibadwire iye sanakhudzepo ngakhale khutu lawo. Anauza mkazi wake kuti Australia yamulowa m'magazi.

"Chabwino, Adokotala," anatero Losaline. "Ine ndangonena. Bwerezani chaka, mabokosi akukudikirani."

Nzeru inamubwerera ali pa kagalimoto kake Lachitatu: amalume ake, a Fotu. Kwa malume ndiye kwathu, kumene mwana amachita chilichonse, kutenga malaya pachingwe, kutsegula furiji, kukhala pampando wawo. Mutu wa malume ulibe lamulo. Komanso a Fotu anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, ndevu zawo zosaona lezala chichokereni Khirisimasi. Anawaimbira foni, kuwafotokozera kuti akufuna kuwajambula vidiyo yopita kusukulu, ndipo iwo anavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Kelepi anadziyamikira tsiku lonse. Anafika poganiza kuti mwina anthu a kutchalitchi sakulakwitsa kwambiri pomutchula Dokotala.

Lachinayi anajomba kalasi, n'kuyala zipangizo zake m'galaja: beseni, mathaulo awiri, thovu, lezala, chipeso. A Fotu anafika folo koloko ali mu suti ya maliro ndi ukwati womwe, mkeka wabwino m'chiuno, akununkhira mafuta mtunda wonse. Chibwano chinali chosalala ngati dzira. Tsitsi nalo anali atalimetetsa mpala kwa ometa a ku Woodridge.

"Amalume, ndevu zija zili kuti?"

"Iwe, ndikaonekere kwa azungu a kusukulu ngati wamisala? Ndimati ndisakuchititse manyazi. Tiye, jambula, ndakonzanso mawu pang'ono."

Ndipo anatulutsadi pepala m'thumba. Kelepi anayesa kuwapaka thovu chomwecho n'kumayendetsa lezala pakhungu lopanda kanthu, koma a Fotu sanasiye kulankhula. Anapereka moni kwa Mayi Pritchard ndi banja lawo lonse, anathokoza boma, anafotokoza kuti mphwawo anali wochenjera kuyambira ali wakhanda ngakhale anachedwa kusiya kukodza pogona. Vidiyoyo inatenga mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo munalibe ndevu imodzi yomwe inagwa. A Fotu anapita kwawo atanyamula nkhumba yotsala, ali wokhutira kuti athandiza maphunziro a mwana.

Lachisanu Kelepi anagwira ntchito ngati munthu amene wamva kale chigamulo. Anali atakonza m'mutu kalata yopita kwa Mayi Pritchard, koma kalatayo inkangoyamba ndi m'bale, ndipo ankachita manyazi kuimaliza. Madzulo ake, sikisi koloko, iye ndi bambo ake ankayembekezeka kwa azakhali ake a Akanesi, mlongo wamkulu wa bambo ake. Iwowo anali atanena kale pafoni kuti amva za ndevu, ndipo m'nyumba mwawo simulowa tonde. Mlongo wamkulu akanena, mwamuna amamvera, kaya ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Anafika kunyumba cha m'ma thuu koloko n'kupeza Losaline, amene tsiku limenelo sanapite kuntchito, ataima m'khonde la m'kati, chala pakamwa. Chitseko cha kubafa chinali chotseguka pang'ono. A Heamasi anali pagalasi, lezala ili kudzanja lamanzere. Tsaya limodzi linali lodulidwadulidwa, magazi akuyenderera m'thovu mpaka pa kolala ya malaya. Dzanja lamanja linali pa sinki, zala zitapindika, lili phee ngati si lawo.

Kelepi anaima pomwepo. Masabata atatu. Masabata atatu akudya nawo tebulo limodzi, akuwaona akugwira sipuni kumanzere, akupereka moni ndi mutu wokha, dzanja lili m'thumba. Phunziro la zizindikiro za sitiroko analikhoza bwino kuposa ena onse, mpaka anajambula pepala lake n'kulitumiza ku gulu la achibale. Dokotala wa mawondo a amayi a kwaya sanaone dzanja la bambo ake omubala. Manyazi amene anamva pamenepo anali a mtundu wina, osati a masiku onse aja amene munthu umaseka nawo.

A Heamasi anamuona pagalasi. Sanatembenuke. Anati lezala za kuno n'zachabechabe, ndipo Kelepi anavomereza kuti n'zachabechabe ndithu. Madzi ankatulukabe pampopi.

"Kusukulu kwanuko," anatero a Heamasi, "mukamameta nkhalamba, mumazigwira ndi manja?"

"Timavala magolovesi, Bambo. Ndi lamulo."

"Ndiye chokhudza munthuyo ndi golovesi."

"Ndi golovesi, Bambo."

"Hmm." Anatseka mpopi. "Fotu dzulo wakuwonongera mayeso. Ndamva zonse, makoma a galaja lako ndi mapepala. Kaitane mkazi wako abwere ndi foni. Ndikuthandize, usabwereze kalasi ngati mbuli."

Umo ndi mmene anaikonzera nkhaniyo, kuti wothandizidwa akhale Kelepi, ndipo Kelepi anailandira momwemo. Anawakhazika pampando wa kukhitchini, pafupi ndi zenera. Losaline anagwira foni. Kelepi anasamba m'manja, kuvala magolovesi, n'kuyamba monga anaphunzirira, m'Chingerezi chake cha mayeso: kupereka moni, kunena kuti dzina lake ndi Kelepi, kufotokoza chimene wabwerera, ndi kupempha chilolezo.

"Dzinalo ndikulidziwa, ndinakupatsa ndine," anatero a Heamasi m'chinenero chathu. Kenaka anayang'ana foni n'kuvomera m'Chingerezi cha mphunzitsi, chomveka bwino kuposa cha mwana wawo.

Kelepi anapukuta magazi, kuika thaulo lofunda, kupaka thovu. Kufika apa manja ankadziwa okha chochita. Koma kuti amete pansi pa chibwano ankayenera kupendeketsa mutu, ndipo panalibe njira ina. Anaika dzanja lake kunkhongo kwa bambo ake. Mutuwo unali wopepuka, wofunda, waung'ono kuposa mmene ankauganizira moyo wake wonse. Unadzisiya m'dzanja lake wonse, osalimbalimba. A Heamasi anatseka maso. Kelepi anamva chisoni ndi chikondi nthawi imodzi, ndipo mawu onse amene buku limati uzilankhula kwa wometedwa anamuthawa. Anapitiriza kumeta, mphuno ikutuluka madzi, osatha kuipukuta chifukwa lamulo silimalola kugwira nkhope yako uli ndi magolovesi. Anamaliza ndi chipeso, kulekanitsa tsitsi kumanzere monga ankawaonera ali mwana.

Nthawi inali itadutsa folo koloko. A Heamasi anati akufuna aione vidiyoyo isanapite kwa anthu. Losaline anawagwirira foni. Anaonera osaphethira: nkhalamba yakhala pampando, phewa limodzi lagwa, mlomo wakokekera pang'ono kumbali, dzanja lili pamwendo ngati katundu woiwalika, mwana wake akuitembenuza mutu uku ndi uku. Galasi la kubafa linkawaonetsa nkhope yokha, ndipo nkhopeyo ankadziwa kuikonza. Apa anadziona thupi lonse.

"Ndi mmene ndikuonekera chonchi?" anafunsa.

Kelepi anatenga foni m'manja mwa mkazi wake. Anati aifufuta, palibe chifukwa choti mlendo aone zimenezi, chaka si kanthu, mabokosi sanaphepo munthu. Ankanena zoona, ndipo iye mwini anadabwa kuti akunena zoona.

"Wandigwira mutu ndiye ukalephere? Tumiza."

Anatumiza, kutatsala mphindi makumi awiri. Kenaka anayamba kulongedza zipangizo zake mofulumira kuposa mmene zinkafunikira, kutaya madzi, kupinda mathaulo, chilichonse choti asayang'anizane ndi bambo ake. A Heamasi anakhalabe pampando, akusisita chibwano ndi dzanja lamanzere, maso ali pazenera.

"Zimamera msanga zimenezi," anatero. "Pofika Lolemba zikhala zitatulukanso."

Kelepi anati Lolemba amaweruka wani koloko. Kenaka, poti kupusa sikumusiya munthu tsiku limodzi, anawonjezera kuti magolovesi aja anali omaliza, koma ayesetsa kukapempha ena kusukulu.

"Ndafunsa za magolovesi ine?" anatero a Heamasi.